Alonda Owawasa

Ndinapita pa kabaza Lachitatu,
dzuwa la Okutobala likuphika phula pa mlatho wa Shire,
ndili ndi nkhani yosanenera pa benchi:
fungo ngati la usipa wogonera,
kuyabwa kobwerabwera ngati mwini ngongole.

Sista Mwanahawa sanandiyang'ane ndi diso la mlandu.
Anangofunsa: mumasamba bwanji, Lukia?
Ndinati: monga anandilangizira ku nsondo,
chala, sopo, m'kati mwenimweni,
nthawi zina timiyala toyera ta pamsika,
pakuti Twaibu akubwera kuchokera ku Joni mu Disembala
ndipo mkazi, amatero, azipezeka wouma.

Sanayankhe msanga.
Anatenga kathonje, napaka pa galasi,
nadontheza utoto, nadikira.
Kenako anandikodola kuseri kwa katani:
bwerani, tsinzinani diso limodzi.

Galasi loyamba linali la mayi wina wosatchulidwa dzina.
Ndinaona tindodo, tindodo tokhatokha,
ngati bokosi la machesi litakhutukira pansi.
Lachiwiri linali langa.
Tindodo titatu, mwina tinayi,
tosochera pakati pa fumbi la timadontho
tounjikana ngati nyerere pa chigoba cha nzimbe.

Tindodoto, anatero, ndi eni nyumba.
Si tizilombo tonse tili adani.
Timadya shuga amene thupi lanu limasiya m'makoma
n'kukubwezerani kuwawasa,
monga mkaka usandukira chambiko
osadikira moto.
Kuwawasako ndiwo mpanda.
Kachilombo kobwera ndi mwamuna,
ka Edzi, kapena ka matuza aja obwerezabwereza,
sikamva bwino powawasa:
chovala chake chimatha mphamvu,
kamakodwa m'chikazi ngati mpheta pa ulimbo,
mwina n'kufa kasanafike pa khomo la chiberekero.

Mwina? ndinafunsa.
Mwina, anatero. Ofufuza akali kuwerenga.
Ine sindigulitsa malonjezo.

Ndipo mlonda si khoma la njerwa.
Umuna ukafika umazimitsa kuwawasako kwa kanthawi,
monga chidulo chifewetsera therere.
Sopo nayenso ndi chidulo.
Inu mwakhala mukuthamangitsa alonda anu
m'mawa ndi madzulo, zaka khumi ndi ziwiri,
mukuyesa mukusesa nyumba.

Ndinaseka, koma m'khosi munali mowawa.
Ndani akanandiuza
kuti ukhondo umene ndinkanyadira
unali kutsegula chitseko usiku?

Anandipatsa mapiritsi a masiku asanu ndi awiri,
makondomu m'kapepala kabulauni,
nati: kunja kokha, madzi okha.
M'kati mumadzisamalira mokha.
Twaibu akafika, mubwere naye, tiyeze nonse.
Alipo mankhwala oteteza, tidzakambirana.
Tindodoto tisasiyidwe tokha pa nkhondo.

Potuluka sindinakwerenso kabaza.
Ndinayenda mpaka pa nsanja ya wotchi,
ndinagula malambe a handiredi kwacha
kwa mnyamata wa jezi yong'ambika paphewa.
Ndinamung'unya imodzi,
nsagwada zinathina, malovu anadzaza,
ndipo ndinaganiza za iwo,
osaoneka, opanda malipiro,
akugwira ntchito mumdima wanga
chiyambire tsiku limene ndinatha msinkhu,
ine osawadziwa n'komwe.

Timiyala tija ndinataya m'chimbudzi.
Mayi Abiti Ndembo anandiona, nafunsa za ndalama yotayika.
Sindinayankhe. Mawu ake sindinawapezebe.

Za Twaibu ndikuopa pang'ono.
Adzati ndani wakuphunzitsa zimenezi?
Adzati wasintha.
Ndakhala ndikuyeseza yankho pochapa,
pothyola chisoso, poyembekeza madzi pa mjigo,
ndipo tsiku lililonse limafupika.

Koma Sigele wanga ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.
Chaka chamawa adzamutenga kukamulangiza.
Asanapite ndidzamukhazika pa mkeka,
ndidzamupatsa lambe kuti amung'unye,
ndipo nkhope yake ikakwinyika ndidzati:
usalavule, mwanawe.
Pali zowawasa zina
zimene zimatisunga.